Pamene Samueli Akuoneka Ngati Wachedwa

Phunziro lathu lichokera pa 1 Samueli 13:5-14. Tsegulani Baibulo, ngakhale la pa foni, muwerenge musanapitirize.

Mfumu Sauli anali ku Giligala, Afilisti atamanga misasa ku Mikimasi. Samueli anali atamuuza kuti adikire masiku 7, iye adzabwera kudzapereka nsembe. Sauli anadikiradi. Koma tsiku la 7 litafika, Samueli osaoneka, asilikali anayamba kubalalika. Mantha atamugwira, Sauli anapereka nsembe yekha, nchito imene sinali yake. Atangomaliza, Samueli uyu watulukira, ndipo anamuuza kuti ufumu wake sudzakhalitsa.

Onani bwino apa. Sauli sanapite kukagwadira mafano ayi. Chimene anachita chinali chooneka ngati chauzimu, koma chinachokera m'mantha. Anapirira pafupifupi sabata yonse, n'kugwa yankho lili pakhomo.

Kudikira si chizindikiro chakuti Mulungu wakuiwalani

Abrahamu anachoka ku Harana ali ndi zaka 75, Isake anabadwa iye ali ndi zaka 100. Ndiye kuti zaka 25 akudikira. Yosefe anali ndi zaka 17 pamene nkhani ya maloto ake inayamba, anaimirira pamaso pa Farao ali ndi zaka 30. Mkati mwa zaka 13 zimenezo munali dzenje, ukapolo ndi ndende, ndipo woperekera chikho amene Yosefe anamuthandiza anamuiwala zaka 2 zathunthu. Awa sanali anthu otembereredwa, anali osankhidwa. Choncho inu amene munamaliza maphunziro koma nchito kulibe, inu amene mwakhala m'banja zaka zambiri opanda mwana, musalole munthu kukuuzani kuti kuchedwa kulikonse ndi temberero kapena tchimo lobisika.

Njira zachidule zili ndi mtengo wake

Abrahamu atakhala zaka 10 mu Kanani, Sara anamupatsa Hagara. Ismayeli anabadwa Abrahamu ali ndi zaka 86, ndipo nyumba ija inadzaza nsanje ndi misozi mpaka Hagara ndi mwana wake anachotsedwa. Mulungu anamusamalirabe Ismayeli, koma bala la m'banjamo linali lenileni.

Nanga ife manje? Nsembe ya Sauli imabwera m'njira zambiri. Wina atenga kaloba kuti "abzale mbewu" kwa munthu amene walonjeza chozizwitsa m'masiku atatu. Wina usiku ali kwa sing'anga, pa Sabata ali kutsogolo m'kwaya. Wina aika ndalama ya renti pa kubetcha, ati mwina ndi khomo limene Mulungu watsegula. Mlongo wina avomera mwamuna wa mwini chifukwa achibale amufunsa tsiku ndi tsiku kuti ukwati uli liti. Abale, timakhulupirira zozizwitsa ndi mtima wonse, koma mphatso ya Mulungu sigulidwa. Simoni wa ku Samariya anayesa kuigula ndi ndalama, Petro anamudzudzula koopsa (Machitidwe 8:18-23).

Tichitenji podikira?

Choyamba, muuzeni Mulungu zoona. Mu Salimo 13 Davide afunsa kanayi konse kuti zimenezi zidzatha liti. Hana analira m'nyumba ya Mulungu ku Silo mpaka Eli anamuyesa woledzera. Kulira pamaso pa Atate si kusowa chikhulupiriro.

Chachiwiri, gwirani nchito imene ili m'manja mwanu. Yakobo 5:7 atiyerekeza ndi mlimi wodikira mvula. Mlimi sangokhala pansi: alima, abzala, apalira. Koma safukula chimanga m'mawa uliwonse kuti aone ngati chamera. Yosefe anatumikira mokhulupirika kwa Potifara ndi m'ndende momwe. Lembani makalata ofunsira nchito, phunzirani luso, pitani kuchipatala onse awiri, mwamuna ndi mkazi. Zimenezi sizitsutsana ndi pemphero.

Chachitatu, dziikireni malire lero, mayesero asanafike. Davide anapeza Sauli m'phanga ku Engedi, anyamata ake namuuza kuti mwayi ndi uwu. Iye anakana kupha wodzozedwa, anasankha kulandira ufumu m'nthawi ya Mulungu. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachinayi, musadikire nokha. Bwerani ku selo, lankhulani ndi abusa kapena akulu a mpingo. Mantha amakula munthu akakhala yekha.

Mawu olimba koma oona

Mu 2024 alimi ambiri muno m'Zambia anabzala, anapemphera, koma chilala chinaumitsa minda. Ahebri 11:13 atiuza kuti ena mwa akuluakulu a chikhulupiriro anamwalira asanalandire zonse zimene analonjezedwa, komabe Mulungu anawachitira umboni. Ine sindingakupatseni deti la yankho lanu. Chimene Mawu atsimikiza n'chakuti Mulungu sanama, ndipo Iye amene anapereka Mwana wake sadzakutayani panjira.

Dzifunseni sabata ino: ndi nsembe iti imene mantha akundikakamiza kupereka?

Tipemphere. Atate, mukudziwa zaka zimene ndadikira. Gwirani dzanja langa lisatole chimene simunandipatse. Mzimu Woyera, ndilimbitseni kufikira nthawi yanu. M'dzina la Yesu, Amen.

Tumizirankoni uthengawu m'bale kapena mlongo amene watopa ndi kudikira.