Kodi Pilato Anali Procurator Kapena Praefectus?

Funso: Mabuku ena amati Pilato anali procurator wa Yudeya, ena amati praefectus. Zoona ndi ziti?

Yankho: Anali praefectus. Liwu la Chilatinili limatanthauza munthu woikidwa patsogolo pa ena, ndipo Aroma ankalipereka makamaka kwa akuluakulu oyang'anira asilikali. Umboni wake si wongomva. Mu 1961, akatswiri a ku Italy akufukula bwalo lakale la zisudzo ku Caesarea anapeza mwala wobenthuka, womwe omanga ena anaugwiritsanso ntchito pamasitepe. Pamwalapo panazokotedwa dzina la Pilato ndi udindo wake, praefectus wa Yudeya. Unalembedwa mwini wake akulamulira, pakati pa 26 ndi 36, ndipo munthu salakwitsa udindo wake pamwala wodzitchukitsira yekha.

Wina angatsutse kuti Tacitus, Mroma weniweni wolemba mbiri, anamutchula procurator. N'zoona, koma Tacitus analemba patapita zaka pafupifupi 80. Apo n'kuti mayina atasintha kale: kuyambira nthawi ya mfumu Claudius, yemwe analamulira kuchokera mu 41 mpaka 54, olamulira Yudeya ankatchedwa procurator, kutanthauza wosamalira zinthu m'malo mwa wina, makamaka chuma cha mfumu ndi misonkho. Tacitus anangomuveka Pilato dzina la m'masiku ake. Mauthenga Abwino sathetsa mkanganowu chifukwa amagwiritsa ntchito liwu lachigiriki lakuti hegemon, loyenera wolamulira aliyense, lomwe Buku Lopatulika linamasulira kuti kazembe.