Zimene Mphunzitsi Angatole pa Nthabwala ndi Nyimbo za Pawailesi

Kwathu ku Mtandire agogo anga amasungabe wailesi yawo yakale ya Nzeru, ngakhale inaleka kulira ine ndisanabadwe. Amati masiku amenewo mabatire ankayanikidwa padzuwa kuti madzulo agwire ntchito, ndipo nthawi ya sewero ikakwana, mabanja atatu kapena anayi ankadzaza pakhonde limodzi. Mwana wolongolola ankathamangitsidwa. Ine amene ndikuphunzira zauphunzitsi ndimadzifunsa kuti: kabokosi kopanda chithunzi kankatha bwanji kukhazika chete anthu ochuluka chonchi, pamene ife timalephera kugwira kalasi kwa mphindi makumi anayi?

Kumene zinachokera

Wailesi ya MBC inayamba m'chaka cha 1964, ndipo kwa zaka zoposa makumi atatu m'dziko muno munalibe kanema, mpaka mu 1999. Choncho zisangalalo zonse zinkadzera m'khutu. Anthu ankadikira masewero a Kapalepale, omwe anatchukitsa a Smart Likhaya Mbewe, komanso nthabwala za Izeki ndi Jakobo, omwe maina awo enieni anali John Nyanga ndi Eric Mabedi a gulu la Kwathu. A Nyanga anatisiya mu 2016, a Mabedi mu 2021. Nyimbo za oimba monga Allan Namoko ndi Daniel Kachamba nazo zinafika m'makomo ambiri kudzera pa wailesi yomweyi.

Tisaiwale kuti inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika zisangalalo. Woseketsa sakanatha kungoyankhula chilichonse. Ankayenera kuzungulira, kuphiphiritsa, ndi kudalira womvera kuti amasulire yekha.

Zinthu zitatu zimene zinkagwira anthu

Choyamba ndi mawu. Pawailesi palibe nkhope yoti iseketse, kotero wosewera amaumba munthu ndi liwu lokha: nkhalamba, chidakwa, mlamu waulesi. Amadziwanso pokhala chete. Kachetechete wa kamphindi kochepa nthabwala isanagwe ndi amene amakonzekeretsa khutu.

Chachiwiri ndi kusinthanitsa. Nyimbo ikalowa pakati pa zigawo za sewero, womvera amapuma, amatafuna zimene wamva, ndipo amazindikira kuti nkhani yasuntha malo kapena tsiku. Mutu wa munthu sutha kumvetsera chinthu chimodzi nthawi yaitali osatopa. Akale ankadziwa izi, nchifukwa chake nthano zathu zimakhala ndi nyimbo pakati, ndipo omvera amavomera kuti "tili tonse."

Chachitatu ndi anthu awiri osiyana. Mmodzi amadzipusitsa, kufunsa funso limene tonse timachita nalo manyazi, ndipo mnzake amayesa kumuwongola. Womvera amaseka wopusayo, koma yankho amalimva ndithu, popanda wina womuloza chala.

Kuseka kumene kumapulumutsa

Ena mumpingo amakayikira ngati nthabwala zili ndi malo pa nkhani zolemera. Chitsanzo tili nacho pafupi. Bungwe lathu la ADRA linagwiritsa ntchito sewero la Tikuferanji, momwe a Michael Usi ankasewera ngati Manganya, pokamba za HIV ndi Edzi panthawi imene makolo ambiri sankatha kutchula matendawa pamaso pa ana awo. Banja likaseka pamodzi, pakamwa pamamasuka, ndipo nkhani yovuta imapeza polowera. Njirayi ndi yakalekale. Pa 2 Samueli 12, mneneri Natani sanayambe ndi kudzudzula mfumu Davide. Anayamba ndi nkhani ya kamwana ka nkhosa, mpaka mfumu inadziweruza yokha.

Komabe mpeni umene umasenda mbatata umachekanso chala. Nthabwala yonyoza wachibwibwi, wolumala, mtundu wa anthu ena kapena mwana wobvala zong'ambika imaseketsa makumi asanu ndi kuvulaza mmodzi, ndipo mmodziyo mawa sabweranso kusukulu. Muyeso wake ndi uwu: sekani khalidwe loipa, osati munthu amene sangasinthe mmene alili.

Tiyese tokha

Ukapita kukayeserera kuphunzitsa m'kalasi la ana oposa zana, lopanda magetsi ndi mabuku okwanira, uli ngati muulutsi wakale uja: chida chako ndi liwu. Gawa phunziro m'zigawo zazifupi. Pakati ikapo kanyimbo kobwereza mfundo yaikulu. Itana ana awiri asewere wofunsa ndi woyankha. Chimodzimodzi pa pulogalamu ya achinyamata ya Sabata masana: m'malo mwa zokamba zitatu zotsatizana, sakanizani kasewero, kwaya ndi mafunso. Ndipo konzekerani mokwanira, pakuti pamaso pa anthu, monga pawailesi youlutsa pompopompo, mawu akatuluka sabwezedwa.

Mafunso okambirana

1. Ndi phunziro liti limene mumalikumbukira chifukwa chakuti munaseka? Chinakhalira m'mutu n'chiyani, nthabwala kapena mfundo?
2. Mungatani mnzanu wa m'gulu la sewero atabweretsa nthabwala yonyoza mtundu wina?
3. Sankhani mutu umodzi wa Sitandade 5, ndipo muukonze m'zigawo zitatu zokhala ndi nyimbo imodzi.