PHUNZIRO 6: ANTHU A KU YUNIVESITE AKAFIKA M'MUDZI MWATHU

Cholinga cha phunziro lino ndi chakuti tidziwe ufulu ndi udindo wathu pamene aphunzitsi ndi ophunzira a sukulu za ukachenjede abwera kudzachita kafukufuku kuno kwa Kanyenda.

Alendo oterewa timawadziwa. Amafika pa galimoto, mapepala ali m'manja, nayamba kufunsa za usipa, mpunga, nzimbe za ku Dwangwa, kapena za madzi osefukira monga aja anagwetsa nyumba zambiri mu February 2024. Ife timayankha mwaulemu. Akachoka, kawirikawiri sitimvanso kuti mayankho athu aja anathera kuti.

Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, choncho sitikunena kuti tiziwathamangitsa. Sukulu monga University of Malawi, Mzuzu University imene inatsegulidwa mu 1999, ndi LUANAR ya ku Bunda, zimayenda ndi ndalama za boma, ndipo ndalamazo ndi misonkho yathu. Nzeru zake ndi zathunso.

Koma nafenso tili ndi nzeru zimene iwo alibe. Taonani za pa chilumba cha Mbenji ku Salima. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka chilumbachi nthawi ya dzinja kuti nsomba ziswane, ndipo wophwanya lamulo amalangidwa. Lamuloli silinachokere m'buku la ku koleji ayi. Akatswiri a ku Mzuzu University ndi anzawo a ku Strathclyde ku Scotland ndiwo anapita kukaphunzira kwa eni ake. Msodzi amene amadziwa mwera ndi mpoto, ndi malo amene utaka umasonkhana, asadziyese mbuli pamaso pa munthu wa digiri.

MALAMULO AKUTI CHIYANI?

Gawo 19 la Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 likuletsa kuyesa mankhwala kapena zasayansi pa munthu iye asanavomere. Tanthauzo lake ndi lakuti chilolezo cha amfumu n'chongolowera m'mudzi basi. Amfumu sangavomere m'malo mwa inu kuti mutengedwe magazi. Muli ndi ufulu wofunsa m'Chichewa kapena m'Chitonga mpaka mutamvetsa, ndiponso muli ndi ufulu wokana popanda kuopa kuti dzina lanu lichotsedwa pa chithandizo. Musasaine kapena kudinda chala pa pepala limene simunawerengeredwe.

NJIRA YOGWIRIRA NTCHITO PAMODZI

Sikofunika kuyambitsa bungwe latsopano. Lamulo la usodzi la 1997 linapatsa anthu a m'mbali mwa nyanja mwayi wosamalira nsomba pamodzi ndi boma kudzera m'makomiti a pa dooko, ndipo tilinso ndi makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC. Alendo adzere m'makomiti amenewa, aonetse kalata yowaloleza, ndipo mlembi alembe m'kaundula dzina la sukulu yawo, chimene akufuna, ndi mwezi umene adzabwere kudzatiuza zimene apeza. Komiti nayonso ikhale ndi mafunso ake okonzeratu. Ngati vuto lathu ndi usipa woola pa thandala nthawi ya mvula, tinene, kuti mwana wasukulu amene akufuna mutu wa kafukufuku autenge umenewo.

Chovuta chachikulu chili pa anthu oitanidwa ku msonkhano. Nthawi zambiri pa mipando pamakhala eni zilimira ndi eni maboti, pamene alovi amene agona pa nyanja usiku wonse ali m'tulo, ndipo amayi amene amayanika ndi kugulitsa nsombazo akhala pansi kumbuyo, osayankhula. Wolumala sanauzidwe n'komwe. Zikatero alendo amalemba maganizo a anthu asanu n'kumati ndi maganizo a mudzi. Pena vutoli timalikulitsa tokha, pobisirana uthenga chifukwa cha kandalama ka nkhomaliro. Msonkhano uchitike pa nthawi imene alovi adzuka, ndipo ngati amayi akuchita manyazi pamaso pa apongozi awo, akambirane paokha, kenaka mmodzi adzanene pa gulu.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Ndi alendo angati ofufuza amene anafika m'mudzi mwanu chaka chatha? Alipo amene anabweranso kudzafotokoza zimene anapeza?
2. Pa msonkhano womaliza wa VDC, ndani sanayankhule, ndipo chifukwa chiyani?
3. Lembani mavuto awiri amene mukufuna kuti a ku yunivesite akuthandizeni kufufuza, ndipo sankhani munthu wokawapereka ku ADC.