Thermostat ikavuta isinthidwe, isachotsedwe

Amalonda ambiri amene amanyamula tomato ndi mbatatesi pa mapikiapu a dizilo, monga Hilux ndi Isuzu KB, injini ikayamba kuwira amangochotseratu thermostat. Nzeru imeneyi imadya phindu mwakachetechete, chifukwa injini yoyenda yozizira imamwa dizilo wambiri komanso imatha msanga.

Kuika thermostat yatsopano ndi ntchito yoti mwini galimoto atha kugwira pakhomo. Adikire kaye injini izizire, poti madzi a mu radiyeta amawotcha koopsa. Akakhuthulira madziwo m'beseni, amasule mabawuti a chivundikiro chomwe chili pamene paipi ya radiyeta yalumikizana ndi injini. Thermostat yakaleyo aiyese m'madzi owira m'poto: yamoyo imatseguka pa madigiri olembedwa pa iyo, kawirikawiri pakati pa 80 ndi 90. Yatsopano ilowe ndi gasiketi watsopano, kabowo kotulutsira mpweya kali m'mwamba.

Sensa yoyeza kutentha kwa madzi nthawi zambiri imakhala chapafupi pomwepo. Ikafa, geji imanama, ndipo galimoto itha kuvuta kulira m'mamawa, nthawi yothamangira kukapikula. Yatsopanoyo asaimange mopitirira muyeso, imathyoka.

Akathira coolant, alize injini hita ili yoyatsa mpaka thovu la mpweya lithe.