Nyumba ya mapanelo a SIP imalimbira m'zimfundo

Lero tikambirana za nyumba yomanga popanda njerwa, ya mapanelo otchedwa SIP.

Panelo yake ndi matabwa awiri opyapyala, kawirikawiri a OSB, omwe pakati pake amamatapo thovu louma lija mumalipeza m'katoni ya firiji yatsopano. Thovulo limatchinga kutentha ndi kuzizira, matabwawo ndiwo amasenza denga. Luso limeneli si la dzulodzuloli: Alden Dow anamanga nyumba zotere ku Midland, m'chigawo cha Michigan ku America, mu 1952.

Yambani ndi maziko, ndipo akhale osalala ndithu. Mapanelo amabwera odulidula kale kufakitale, malo a zitseko ndi mawindo ali oboola. Mmisiri wa njerwa akaphonya pang'ono amakonza ndi matope. Apa mwayi umenewo palibe. Pamwamba pa maziko yalani pepala lotchinga chinyezi, kenako mangani ndi mabawuti thabwa lothira mankhwala a chiswe, panelo ikhale pamenepo. Isakhudze simenti kapena dothi. Chiswe sichidya thovu, koma chimaboolamo njira osaoneka mpaka kukafika ku matabwa.

Tsono mvetserani bwino apa, chifukwa nkhani yagona pa malo amene panelo ikumana ndi inzake. Pakani zomatira mzere wonse osadukiza, lowetsani kathabwa kolumikizira, khomani misomali motalikirana monga fakitale yalembera, kenako matani tepi yake. Amisiri ena dzuwa likapendeka amangodumpha zomatirazo, amati ndani aone. Nyumba ndiyo imaona. Ku Juneau, ku Alaska, madenga ambiri a SIP anaola pasanathe zaka zambiri. Akatswiri atafufuza anapeza kuti mpweya wofunda wa m'nyumba unkadzera m'timipata ta m'zimfundo, nkukasanduka madzi pansi pa thabwa lozizira lapamwamba. Ntchito yomata inali yamgwazo.

Mawaya a magetsi adutse m'mabowo amene fakitale inasiya kale m'thovumo. Musalole munthu kusema ngalande chopingasa pathabwa, mphamvu ya khoma ili pamenepo. Mapaipi a madzi asalowe m'khoma lakunja.

M'kati phimbani ndi mabodi a jipisamu, pakuti thovu ndi moto sizimwerana madzi. Kunja ikani pepala lotchinga mvula, musiye kampata, kenako malata kapena matabwa. Ndipo poti nyumba yotere simalowa mphepo mwachisawawa, kukhitchini ndi kubafa kukhale potulukira nthunzi.

Za mtengo tisanamizane: panelo payokha si yotchipa. Ndalama mumaipulumutsa pa masiku ochepa a amisiri, zinyalala zochepa, ndi magetsi otenthetsera kapena kuziziritsira nyumba.

Mapanelo akafika pamalo, asanjikeni pa mitanda, muwafunditse lona. Ndipo tsiku lomata zimfundo, eni nyumba, mukhalepo nokha.