Dindani Chithunzi Musanatumize

Anzanga, teremu yathayi ndinatsala pang'ono kubwezedwa pageti chifukwa cha fizi, ndipo gwero lake linali zithunzi.

Amalume anga, amene amandilipirira sukulu, amajambula maukwati ndi zinkhoswe. Loweruka ine ndimawanyamulira chikwama. Tsiku lina tinajambula ukwati wa ku Area 47: m'mawa kutchalitchi, masana ku City Centre pafupi ndi manda a Kamuzu, madzulo kuholo. Eni ukwati anapereka theka la ndalama, amvekere zotsalazo tipereka tikaona zithunzi. Amalume anawatumizira zonse pa WhatsApp kuti asankhepo. Basi, kuyambira tsiku limenelo foni yawo inangoti zii. Patatha sabata zithunzi zija zinali mbwee pa Facebook, zina atakazitsukitsa kale ku Old Town. Fizi yanga inapita choncho. Apa m'pamene ndinayamba kufufuza za watermark.

Kodi watermark n'chiyani?

Tengani K2,000 muiyang'ane moloza kudzuwa. Pamalo poyera paja muona nkhope ya John Chilembwe ikuoneka mwachimbuuzi m'kati mwa pepala. Imeneyo ndiye watermark. Luso limeneli linayamba ndi opanga mapepala a ku Fabriano, m'dziko la Italy, cha m'ma 1280. Iwo ankasiya chizindikiro m'pepala likadali lonyowa kuti ogula adziwe amene walipanga. Pachithunzi cha pafoni ganizo lake ndi lomwelo: mumalemba dzina kapena chizindikiro chanu pachithunzicho, chizioneka koma chisaphimbe nkhope za anthu. Ine ndimangoti chidindo.

Mmene ndimadindira

Ndimagwiritsa ntchito Snapseed, pulogalamu yaulere ya Google. Mukaiika m'foni, siifunanso bandulo.

1. Tsekulani chithunzi, pitani pa Tools, musankhe Text.
2. Lembani dzina limene mukufuna lizidziwika. Likhale lomwelo nthawi zonse kuti anthu alizolowere.
3. Chepetsani opacity mpaka zilembo zikhale ngati nkhungu, zowerengeka koma zosaipitsa chithunzi.
4. Sankhani poika. Pakona m'posavuta kudula, aliyense amatha. Chithunzi chongoonetsa munthu amene sanamalize kulipira, dzina lidutse pakati penipeni, chopingasa. Chimene mukungodzitsatsira nacho, ikani kadzina kakang'ono pafupi ndi chinthu chimene wakubayo sangafune kuchidula.
5. Sungani ngati chithunzi chatsopano. Choyambirira chija chikhale chosadinda.

Mfundo yachisanuyi musaitaye. Chithunzi choyambirira chimasunga m'kati mwake tsiku, nthawi ndi mtundu wa foni kapena kamera imene inajambula. Mukachitumiza mwachizolowezi pa WhatsApp chimachepetsedwa ndipo zimenezi zimafufutika. Ndiye wina akadzati n'changa, inu muli ndi umboni umene iye alibe. Chisungeni pa memori khadi kapena pa fulashi.

Chenjezo

Tisanamizane, chidindo chimatheka kufufutidwa, ndipo masiku ano mapulogalamu ochita zimenezi alipo. Chili ngati mpanda wa udzu: wakuba wolimba mtima aboola ndithu, koma wodutsa aliyense amadziwa kuti pano pali mwini. Ambiri otenga zithunzi za eni ndi aulesi, akaona dzina amangopitirira.

Chinanso, makamaka kwa ife atsikana ndi anyamata apasukulu: musaike nambala yanu ya foni pachithunzi chimene chizungulire m'magulupu. Dzina lokha likwana. Komanso musadinde dzina lanu pachithunzi chojambula wina, eti chifukwa mwachikonda. Kumeneko n'kuba komwe tikudandaulaku.

Nanga lamulo likuti chiyani?

Dziko lathu lili ndi lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo zithunzi zili m'gulu la ntchito zaluso zimene limateteza. Palinso bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992 ndipo likulu lake lili mu Lilongwe momwe muno. Ambiri timaganiza kuti ndi la oimba okha, koma limaona za umwini wa ntchito zaluso zosiyanasiyana. Chidindo sindicho chimakupatsani umwini, chimangoulengeza. Ngati wina wakulembani ganyu yojambula, gwirizanani poyamba za malipiro ndi kagwiritsidwe ntchito ka zithunzizo, ndipo mulemberane, ngakhale pa meseji.

Mwezi watha tinajambula chinkhoswe ku Area 10. Ulendo uno ndinadinda ndekha zithunzi zonse tisanatumize. Mayi wa mtsikana anaimba foni akuseka, amvekere dzina la amalume lakhala pachitenje chawo penipeni. Tsiku lomwelo anatumiza ndalama zotsala, ife n'kuwapatsa zosadinda.

Amene akufuna kuona ndi maso, andipeze tikaweruka Lachitatu. Ndibwereka foni ya amalume. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri basi.

Mnzanu wa Fomu 3