Chifukwa chake mankhwala ena a malungo amalowetsedwa kumbuyo

Mayi wina wa ku Malomo, m'boma la Ntchisi, alemba kalata yofunsa chifukwa chimene alangizi a zaumoyo amalowetsera kambulu ka mankhwala a artesunate kotulukira chimbudzi kwa mwana wodwala malungo aakulu, m'malo momumwetsa.

Yankho lagona pa kayendedwe ka magazi m'chigawo chomaliza cha matumbo aakulu, chimene madokotala amachitcha rectum, chotalika masentimita pafupifupi 12 mpaka 15 mwa munthu wamkulu. Chigawochi chimalandira magazi kuchokera ku mitsempha itatu, wakumtunda, wapakati ndi wakumunsi, koma pobwerera magaziwo amagawika panjira ziwiri. Akumtunda amadzera mumtsempha waukulu wotchedwa portal n'kukalowa m'chiwindi, chimene chimaphwanya mankhwala ambiri asanafalikire m'thupi, pamene apakati ndi akumunsi amalambalala chiwindicho n'kulunjika kumtima. Komanso khungu lopyapyala la m'kati mwa chigawochi, lodzadza ndi timitsempha, limayamwa mankhwala ngakhale mwana akusanza, akukomoka kapena wauma nsagwada moti sangameze kanthu.

Mayiwa adziwenso kuti bungwe la World Health Organization limavomereza njirayi kwa ana osafika zaka 6, ndiponso ngati thandizo loyamba chabe. Kambuluko sikathetsa malungo. Kamangochepetsa tizilombo m'magazi kuti mwana apirire ulendo wa pa njinga kapena kumsana, makamaka nthawi ya dzinja pamene misewu yadothi imaterera, kufikira atakabayidwa jekeseni kuchipatala chachikulu cha Ntchisi kapena cha Dowa tsiku lomwelo.